Bessie Smith: mawu aakulu m'mbale zazing'ono, ndi kumene ndalama zake zinalowera

Funso: Ndine mtsikana woyimba m'bandi ina kuno ku Zomba. Mnzanga wina anandiuza kuti ngati ndikufuna kudziwa blues ndi jazz ndiyambire pa Bessie Smith. Ndamumvera pa YouTube, koma nyimbozo zikuthetheka, mawu ake akumveka opyapyala komanso chapatali. Ukatswiri wake uli pati? Ndawerenganso kuti anagulitsa mbale zambirimbiri koma manda ake anakhala zaka zoposa 30 opanda chiliza. Zinatheka bwanji?

Yankho: Achemwali, mnzanuyo sanakusokeretseni. Kungoti Bessie Smith anali woyimba wa pasiteji, wa m'matenti ndi m'maholo a zisudzo, ndipo mbale za galamafoni zinamupeza atakhwima kale pa ntchito imeneyo. Makina ojambulira a nthawiyo ankangotapa pang'ono pa mawu ake, nayo kampani inkangomutapira pang'ono pa ndalama zimene mbalezo zinkabweretsa.

Anabadwira ku Chattanooga m'chigawo cha Tennessee ku America. Zikalata za ukwati wake zimati pa 15 Epulo 1894, ngakhale kalembera wa boma wa 1900 amasonyeza 1892. Bambo ake, amene ankagwira maganyu n'kumalalikiranso mumpingo wa Baptist, anamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, mayi ake n'kutsatira iye akadali mwana. Anakulira m'manja mwa mkulu wake Viola. Ankayimba ndi kuvina m'mbali mwa msewu, mchimwene wake Andrew akumuyimbira gitala, odutsa n'kumawaponyera timakobiri. Mu 1912 mchimwene wake wina, Clarence, anamupezera malo m'gulu loyendayenda la Moses Stokes. Anamulemba ngati wovina chifukwa woyimba analipo kale, Ma Rainey. Pofika 1913 n'kuti akuyimba yekha ku holo ya 81 mumzinda wa Atlanta.

Werengani zakazo: kuyambira 1912 mpaka 1923 ndi zaka 11 akuyimba asanatulutse mbale ndi imodzi yomwe, ndipo zaka zonsezo panalibe maikolofoni pasiteji. Wokhala kumbuyo kwa tenti analipira ngati wa kutsogolo, ndiye ankafuna kumva liwu lililonse. Kayimbidwe kake konse kanaumbidwa ndi vuto limenelo. Sankakwera kwambiri kapena kutsika kwambiri. Ankakhazikika pakatikati, pamene mawu ochokera pachifuwa amakhala ndi mphamvu, ndipo m'nyimbo zambiri amazungulira manoti ochepa chabe, n'kumabwerera pa noti imodzi mobwerezabwereza. Ankayimba modekha, chifukwa m'holo yaikulu mawu othamanga amaphatikana. Ankatalikitsa liwu limene lili ndi nkhani, ena onse n'kuwadutsa msanga.

Tsopano za kuthetheka ndi kupyapyala. Makampani ojambula anayamba kufunafuna amayi akuda oyimba blues Mamie Smith atagulitsa kwambiri Crazy Blues mu 1920 (sanali pachibale, dzina lokha). Ena anamuyesa Bessie n'kumukana kuti mawu ake ndi okhakhala. Frank Walker wa kampani ya Columbia ndi amene anamutenga. Analowa mu situdiyo ku New York pa 15 Febuluwale 1923, koma zonse za tsikulo sizinatuluke. Mawa lake, pa 16, anajambula Downhearted Blues, Clarence Williams ali pa piyano.

Situdiyoyo inalibe maikolofoni. Woyimba ankaima kutsogolo kwa chilipenga chachikulu chotulukira pakhoma. Kumapeto kopyapyala kwa chilipengacho kunali kachikopa kolimba, konjenjemera ndi mphamvu ya mawu yokha, ndipo kachikopako kankakankha singano imene inkalemba mzere wozungulira pa mbale ya phula. Phulalo ankalikuta ndi chitsulo kuti apange chidindo, chidindocho n'kumadindira mbale zogulitsa, za utomoni wouma wotchedwa shellac. Njira imeneyi inkatola mawu apakati okha, kuyambira cha m'ma 250 Hz mpaka cha m'ma 2,500 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Zapansi pa malirewo zinkasowa, n'chifukwa chake dzanja lamanzere la woyimba piyano silimveka bwino. Zapamwamba nazonso zinkasowa, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala "s" ndi "f", mpweya wa woyimba, ndi kuwala kwa mawu. Kumveka chapatali kuja n'kumeneko.

Panalinso zovuta zina. Noti yamphamvu inkagwedeza singano mpaka kulumphira mumzere woyandikana nawo, phula n'kuwonongeka, choncho woyimba wa mawu aakulu ankabwerera m'mbuyo pa malo amene pasiteji akanatulutsa mphamvu zonse. Ng'oma zazikulu ankazisiya kapena kuzifunditsa. Kukweza kapena kutsitsa chida kunali kusuntha munthu: wa lipenga kumbuyo, wa chida chofooka kutsogolo. Kudula n'kulumikiza kunalibe. Wina akaphonya kumapeto, onse ankayambiranso pa phula latsopano. Kuthetheka kwenikweniko n'kwa shellac, imene ankaisakaniza ndi ufa wa miyala, komanso kwa zaka zimene singano zachitsulo zakhala zikupala mbalezo.

Mu 1925 Columbia inayamba kujambula ndi magetsi, pogwiritsa ntchito makina a Western Electric, ndipo malire aja anatambasuka kuchoka cha m'ma 60 Hz mpaka cha m'ma 6,000 Hz. Bessie anajambula koyamba mwanjira imeneyi pa 5 Meyi 1925, nyimbo ya Cake Walking Babies from Home. Ngati mwangomvera za 1923 ndi 1924 zokha, ndiye kuti simunamumve. Tsegulani Back-Water Blues ya pa 17 Febuluwale 1927, pamene ali awiri okha ndi James P. Johnson pa piyano. Anaipeka yekha, ndi ya kusefukira kwa madzi. Ambiri amaganiza kuti ikunena za chigumula cha mtsinje wa Mississippi cha 1927, koma anaijambula chigumulacho chisanafike pachimake mu Epulo. Katswiri wofufuza David Evans anasonyeza kuti ikugwirizana ndi kusefukira kwa mtsinje wa Cumberland ku Nashville pa Khirisimasi ya 1926.

Chachiwiri chimene mbale zinamudula ndi nthawi. Mbale ya mainchesi 10 yozungulira maulendo 78 pa mphindi inkanyamula mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono mbali iliyonse. Ndime imodzi ya blues imakhala ndi ma bar 12, iliyonse ya mabiti anayi, onse pamodzi mabiti 48. Pa liwiro la mabiti 70 pa mphindi, ndime imodzi imatenga masekondi 41. Mukachotsa mawu oyambira a piyano, mumatsala ndi ndime zinayi, mwina zosakwana. Pasiteji ankatha kupitiriza malinga anthu akukuwa, kuphatikizapo kuvina ndi nthabwala zimene sizinalowe m'mbale n'komwe. Empty Bed Blues ya 1928 anachita kuigawa mbali zonse ziwiri za mbale kuti ikwane.

Poti mumayimba m'bandi, kamangidwe kake kakuthandizani. Mu kiyi ya C makodi amayenda chonchi: ma bar anayi pa C, awiri pa F, awiri pa C, imodzi pa G, imodzi pa F kapena kukhalabe pa G, awiri omaliza pa C. Mawu ake ndi mizere itatu. Woyamba umanena nkhani, wachiwiri umabwereza womwewo, wachitatu umayankha kapena kutembenuza nkhaniyo. Mzere uliwonse uli ndi ma bar anayi, koma woyimba amadzaza awiri okha ndi kachidutswa, otsalawo ndi a chida choyankha. N'zimene mumazidziwa kale pa chinamwali kapena pamaliro, wina kutsogolera ena kuvomera, kungoti apa wovomera ndi lipenga.

Pamenepa m'pamene pali ukatswiri umene mukuufunsa, ndipo umamveka bwino mu St. Louis Blues ya pa 14 Januwale 1925, ngakhale inajambulidwa ndi chilipenga chakale chija. Louis Armstrong, ali ndi zaka 23, ali pa lipenga la cornet, Fred Longshaw pa limba laling'ono lopopa ndi mapazi. Palibe ng'oma, palibe wogunda biti, koma nyimbo siigwa. Bessie amalowa mochedwa pang'ono kumbuyo kwa biti, amakoka liwu limodzi mpaka mukuganiza kuti mzere sukwana, kenaka amaumaliza pa malo ake enieni, Armstrong n'kulowa pa mpata wotsala osamuponda. Pobwereza mzere wachiwiri sabwereza ndendende: amasuntha popumira, kapena kupinda noti imene poyamba anaiyimba yowongoka. Ine ndimaiona mbale imeneyi ngati phunziro labwino kuposa zina zonse za m'zaka zimenezo kwa woyimba ndi womuyankha. Ngakhale zili choncho, wa cornet amene Bessie ankakonda kwambiri anali Joe Smith, wa kayimbidwe kofewa, amene sankalimbirana naye malo.

Tibwere ku ndalama. Downhearted Blues imanenedwa kuti inagulitsa makope pafupifupi 780,000 m'miyezi 6 yoyambirira. Mbale imodzi inali masenti 75, ndiye kuti m'masitolo munalowa madola oposa 580,000. Bessie ankalandira madola 125 pa mbali iliyonse ya mbale imene kampani yavomereza, kamodzi kokha, basi. Mbale igulidwe kapena isagulidwe, zake zinali zomwezo. Poyamba penipeni ngakhale 125 yomweyo sinkamufika yonse, chifukwa pepala limene anasainira linali la pakati pa iye ndi Clarence Williams, osati Columbia, ndipo Williams ankadulapo theka. Zitaululika, anasainirana ndi Columbia mwachindunji, ndipo kenaka mtengo unakwera kufika madola 200 pa mbali. Gawo la pa kope lililonse logulitsidwa silinalowe m'mgwirizanowo. Anajambulira Columbia nyimbo pafupifupi 160, ndipo mukachulukitsa ndi 200 simupitirira madola 32,000 pa zaka zonsezo.

Ndalama yoyenda ndi malonda inalipo, koma inali ya mwini nyimbo. Lamulo la ku America la 1909 linkati masenti awiri pa kope lililonse apite kwa amene ali ndi umwini wa nyimbo yopekedwayo. Downhearted Blues anaipeka ndi Alberta Hunter ndi Lovie Austin, choncho Bessie analibepo gawo. Nayenso Hunter anapatsidwa zochepa kwambiri, chifukwa ndalama zotere zinkadutsa m'manja mwa osindikiza ndi akuluakulu a makampani, ndipo zambiri zinkathera komweko. Zinthu ziwirizi n'zosiyana mpaka lero: umwini wa nyimbo yopekedwa ndi umwini wa chojambulidwa. Inu mukamalowa mu situdiyo, pepala linene kuti wapeka ndani, chojambulidwacho n'cha yani, ndiponso ngati mukulipidwa kamodzi kapena pa malonda onse. Nyimbo zanu zopeka nokha kazilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo kuno ku Malawi.

Kwa Bessie, mbale zinali zoitanira anthu ku zionetsero, ndipo chuma chenicheni chinali pasiteji. Pachimake pa ntchito yake, pamene ankatchedwa Mfumukazi ya Blues, ankatha kupeza madola 2,000 pa sabata, kuposa msangalatsi wina aliyense wakuda wa nthawiyo. Koma ndalamayo inali ya gulu lonse: oyimba zida, ovina, zovala, tenti, chakudya. Nyengo yozizira ankazungulira maholo a bungwe la TOBA, limene linkakonza maulendo a asangalatsi akuda, ndipo nyengo yotentha ankayenda ndi tenti yakeyake. Mu 1925 anagula bogi yakeyake ya sitima. Ena amaitchula ngati chizindikiro cha matama, koma inali yankho la tsankho: kum'mwera kwa America mahotela ambiri sankalandira anthu akuda, ndiye gulu linkagona ndi kudyera m'bogimo, katundu wa tenti ali momwemo. Ankasamalanso abale ake, amene anawasamutsira ku Philadelphia, ndipo anali wopatsa mosawerengera. Mowa nawo unkamudyera zambiri, pa nthawi imene unali woletsedwa m'dzikomo, kuyambira 1920 mpaka 1933. Ukwati wake ndi Jack Gee, umene anamanga pa 7 Juni 1923, unali wa ndewu, ndipo unasokonekeratu mu 1929 atadziwa kuti Gee watenga ndalama zake n'kukonzera chionetsero woyimba wina, Gertrude Saunders, amene anali naye pachibwenzi.

Chimene chinamugwetsa kwenikweni n'chakuti siteji ndi mbale zinagwa nthawi imodzi. Kuyambira 1927 mafilimu olankhula anayamba kulanda maholo, chifukwa mwini holo ankaona kuti filimu n'njotchipa kusiyana ndi kulipira gulu la anthu makumi angapo. Wailesi inkapereka nyimbo ulere. Kenaka msika wa masheya wa Wall Street ku New York unagwa mu Okutobala 1929, patangopita milungu yochepa nyimbo yake ya Nobody Knows You When You're Down and Out itatuluka. Mbale zogulitsidwa ku America zinatsika kuchoka pa 104 miliyoni mu 1927 kufika pa 6 miliyoni mu 1932. TOBA inatha, ndipo Columbia inamusiya mu 1931. Munthu amene ankalipidwa kamodzi pa nyimbo analibe ndalama ya mbale zakale yoti imugwirize. M'chaka cha 1929 chomwecho anaonekera mufilimu yaifupi ya St. Louis Blues, yokhayo imene tingamuonemo akuyimba, ndipo n'njofunika kuiona kuti mudziwe mmene ankaimira ndi mmene ankapumira.

Sanasiye ntchito. Pa 24 Novembala 1933 mkulu wojambulitsa oyimba, John Hammond, anamujambula nyimbo zinayi za kampani ya Okeh, pa mtengo wa madola 37.50 iliyonse, ndipo zinakhala zomaliza. Bessie mwini sanafune blues yakale, anafuna zogwirizana ndi swing, jazz yovinira imene inkabwera, ndi oyimba ngati Jack Teagarden, Chu Berry ndi Frankie Newton. Gimme a Pigfoot ndi ya tsiku limenelo. Patangopita masiku atatu, Hammond yemweyo anajambula koyamba mtsikana wa zaka 18, Billie Holiday, amene ankanena poyera kuti anaphunzira pomvera mbale za Bessie ndi za Armstrong.

Za imfa yake mukumana ndi bodza lofala, ndiye mulidziwiretu. M'bandakucha wa pa 26 Sepitembala 1937 anali pa msewu wa Route 61, kuchokera ku Memphis kulowera ku Clarksdale m'chigawo cha Mississippi. Richard Morgan, mwamuna amene ankakhala naye, ankayendetsa galimoto ya Packard, ndipo anawomba lole imene inali kutsogolo kwawo. Mkono wamanja wa Bessie unatsala pang'ono kuduka, nthiti n'kuphwanyika. Dokotala wa ku Memphis, Hugh Smith, amene ankadutsa, anamuthandiza pamsewupo. Ambulansi inamutengera ku chipatala cha anthu akuda cha G. T. Thomas ku Clarksdale, kumene anamudula mkonowo, koma anamwalira m'mawa womwewo. Nkhani yoti chipatala cha azungu chinamubweza mpaka magazi kumuthera inayambira pa zimene Hammond analemba m'magazini ya Down Beat chaka chomwecho asanafufuze, ndipo sewero la Edward Albee la 1959 linaifalitsa. Tsankho linalipo ndithu, ndipo n'chifukwa chake woyendetsa ambulansi sakanaganiza n'komwe zopita ku chipatala cha azungu. Koma zoti anabwezedwa pakhomo sizinachitike.

Anaikidwa pa 4 Okutobala 1937 ku manda a Mount Lawn ku Sharon Hill, kufupi ndi Philadelphia, pa mwambo wa anthu zikwizikwi. Kusowa kwa chiliza sikunali chifukwa choti ndalama yogulira mwala inasowa. Ukwati wake ndi Gee sunathetsedwe kukhoti, choncho mwalamulo Gee ndiye anali mwini mbumba pa za malemuyo, ndipo Chris Albertson, amene analemba mbiri ya Bessie mu 1972, anapeza kuti ndalama zimene anthu anasonkha za chiliza zinathera m'thumba mwa Gee. Mwala unaikidwa mu Ogasiti 1970, atalipira woyimba wotchuka Janis Joplin ndi Juanita Green, amene ali mwana ankagwira ntchito zapakhomo kwa Bessie. M'zaka zomwezo Columbia inatulutsanso nyimbo zake zonse m'zimbale zatsopano ndipo zinagulidwa bwino. Olowa m'malo mwake anasumira kampaniyo kuti awapatse gawo, koma khoti linawakanira mu 1979.

Mukabwerera ku YouTube, sankhani zimene kuthetheka kukumvekabe. Ambiri oika nyimbozi pa intaneti amazitsuka ndi kompyuta mopitirira, ndipo pochotsa phokoso amachotsanso mpweya ndi m'mphepete mwa mawu, n'kutsala liwu losalala lopanda moyo. Gwiritsani ntchito mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imadula mawu apansi amene ndi ochepa kale. Gitala yanu ikapanda kugwirizana ndi nyimbo, musafulumire kuichuna: makina a nthawiyo sankazungulira ndendende pa 78. Mbale yodulidwa pa 76 n'kuseweredwa pa 78 imakwera pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa C ndi C shapu, ndiye imakhala pakatikati, palibe kiyi yoigwira.

Poyeseza, tengani ndime imodzi yokha ya Back-Water Blues, mulembe mawu ake, muike chizindikiro paliponse pamene akupuma ndi pa liwu lililonse limene watalikitsa. Mupeza kuti nthawi zina amapuma pakati pa mzere, dala, kuti liwu lotsatira ligunde. Ikani metronome ya pafoni pa 70, muziyimba mochedwa pang'ono kumbuyo kwa biti koma liwu lomaliza la mzere lizigwera pa biti yoyamba ya bar yachitatu. Noti imene imapereka kukoma kwa blues, mu kiyi ya C, ili pakati pa E fulati ndi E. Pa kiyibodi palibepo. Muyambire pansi pake n'kukwera motsetsereka, osafika pa E penipeni.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu, ndipo ziwiri n'za bandi osati zanu. Wa kiyibodi amadzaza ma bar onse 12, osasiya mpata wa kuyankhana, nyimbo n'kusanduka phokoso limodzi. Wa ng'oma amathamanga pang'onopang'ono chifukwa liwiro la 70 limamuvuta kuligwira, ndiye pofika ndime yachitatu muli pa 85 ndipo kuchedwa kwanu kuja kumangomveka ngati mwasochera. Chanu n'chofinya kukhosi pofuna kutulutsa mawu okhakhala. Bessie ankabangula apo ndi apo, pa liwu limodzi kapena awiri, ndipo mphamvu yake inkachokera ku mpweya wogwiridwa pamimba ndi m'nthiti, kukhosi kuli kotseguka. Mukamva kuyabwa kapena kuwawa kukhosi pakatha mphindi 10, lekani, mutsitse kiyi ndi noti imodzi kapena ziwiri, muyambirenso tsiku lotsatira. Inu muli ndi maikolofoni, choncho pa noti yamphamvu ingoisunthirani kutali ndi pakamwa ndi chikhatho chimodzi, pa mawu ofewa n'kuibweza pafupi.